Kanambala ka Pansi pa Muvi

A Dzimbiri anatseka galaja nthawi itadutsa kale 11 koloko usiku. Basi yomaliza inali itapita, ndipo anzawo a pantchito anali atathawa dzuwa likadalipo, monga amachitira masiku onse. Anatsanzika mlonda pageti, nakoleka chikwama paphewa, n'kuuyamba wapansi. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, ulendo wa ola lathunthu kwa munthu wa maondo otha ngati awo.

Dzina lakuti Dzimbiri anawapatsa ndi anyamata a m'galajamo, ati chifukwa ankangogwira galimoto zakale zimene ena onse ankazikana. Ankayesa akuwanyoza. Anyamata a masiku ano ndi otero. Galimoto ikabwera amailumikiza ku kakompyuta, kakompyutako kakati chakuti chafa iwo amachotsa n'kutaya, kenako n'kumadzitcha amakaniko. Muwalande kakompyutako muone, amangoima manja m'thumba ngati alendo pamaliro a munthu wosamudziwa. A Dzimbiri ankamva matenda a injini ndi khutu. Pa zaka makumi anayi za ntchito, panalibe galimoto imene inabwererapo ndi vuto lomwe iwo anati alithetsa.

Usiku umenewo chinawachedwetsa ndi galimoto ya a Nesi. Inali yobiriwira, yakale kuposa mwini wakeyo, ya mabampa onyezimira ndi dashibodi yathabwa. Chitsulo chake chinali chenicheni, choti ukachigogoda chimayankha, osati zamakonozi zimene ungazibowole ndi chala. Anawasiyira ndi malemu bambo awo. A Nesiwo anaphunzira kuyendetsa atakula kale, ndipo sankatha kumva liwiro m'thupi monga amachitira madalaivala okhwima. Iwo ankayendera muvi basi, ngati mmene amapimira mankhwala. Chikwangwani chikati 40, ankaika muvi pa 40 ndendende. Tsono wotchi ya liwiro itafa, ija amakaniko amangoti sipido, anabwera nayo kugalaja akukwawa ngati kamba. Anapempha kuti ikhale itatha pofika 6 koloko m'mawa mwake, chifukwa ankafuna kukasiya ana awo atatu kusukulu yogonera komweko, kudzera msewu wotsetsereka umene umakhota mwadzidzidzi polowa pamlatho.

A Dzimbiri sanathamangire kuimba mlandu wotchiyo. Anayamba ndi kebulo, chingwe chachitsulo chimene chimachoka ku giyabokosi n'kukazungulitsa wotchi kuseri kwa dashibodi. Analowa pansi, anaimasula, anasolola waya wam'kati n'kumugudubuza patebulo kuti aone ngati wapindika. Anali wowongoka, nsonga zake zonse ziwiri zili bwinobwino. Anatulutsa kagiya kakang'ono ka ku giyabokosi n'kuyendetsa chikhadabo m'mano ake, koma panalibe lothyoka. Pomaliza anabwezera kebulo ku wotchi, namanga nsonga inayo ku makina obowolera n'kuzungulitsa. Muvi unangoti gwa, osasuntha. Apo anadziwa kuti matenda ali m'wotchi mwenimwenimo.

Masana anapita kwa wogulitsa zitsulo za galimoto zakufa. Anaipeza pansi pa shelefu itakulungidwa m'chiguduli, wotchi yofanana ndendende ndi yakufayo: nkhope yakuda, manambala oyera, mkombero wonyezimira. Wogulitsayo anailola osakangana n'komwe, chinthu chimene chikanayenera kuwadabwitsa, pakuti munthu ameneyo angakugulitse ndi fumbi lomwe. Kuiika kunawadyera madzulo onse, atagona chagada pansi pa chiwongolero, tochi ili kukamwa. Atamaliza anakweza matayala akumbuyo pa jeke, analiza injini, naika giya. Muvi unakwera mwaulemu, osanjenjemera. Kukaiyesa pamsewu sanathe, chifukwa maso awo usiku sankaonanso patali. Anati basi, yatha. Wotchi yakufayo anaiika m'chikwama kuti adzawaonetse a Nesi m'mawa, pakuti m'galaja mmenemo chinthu chosiyidwa patebulo chimamera miyendo.

Magetsi a mumsewu anathera pa fakitale ina yotsekedwa. Kuchokera pamenepo unali mdima ndi kutsetsereka basi. A Dzimbiri ankayenda akudzitama chamumtima, akuganiza mmene anyamata aja akanaiwonongera dashibodi ija ndi manja awo aphuma.

Atafika pa chikwangwani cha 40 anamva fungo lachilendo, la matope a mumtsinje osakanikirana ndi petulo. Agalu amene ankauwa kutsidya anangoti zii nthawi imodzi. Achule nawonso anasiya.

Pamlatho panali munthu.

Anali atatsamira zitsulo za m'mbali, pamalo pamene zitsulozo n'zosiyana ndi zinzake, zooneka kuti anachita kuziwotcherera pambuyo pake. A Dzimbiri sankakhulupirira munthu masana, nanji usiku. Analowetsa dzanja m'chikwama n'kugwira sipanala yaikulu, kwinaku akumuwalitsa ndi tochi. Anali bambo wochepa thupi, wovala ovolosi yachikale ya mabatani, ndipo pakhosi pake panalendewera kagalasi ka diso limodzi, kaja amavala okonza mawotchi.

"Mwaswera, amisiri," anatero munthuyo.

A Dzimbiri anayankhira kukhosi n'kupitirira. Munthuyo anawatsata pambali.

"Muvi wayenda?"

A Dzimbiri anaima. Za muvizo wazimva kuti ameneyu? Anaganiza kuti mwina ndi mnzake wa wogulitsa zitsulo uja, kapena ndi mbala imene yakhala ikuwazonda kuyambira masana. Anayankha mwaukali kuti wayenda, ndipo wayenda bwino lomwe.

"Kuyenda wayenda," anatero munthuyo mofatsa. "Koma mwawerenga?"

Sanadikire yankho. Anawauza kuti atulutse wotchi imene ili m'chikwamamo, ayang'ane pansi pa tsinde la muvi. A Dzimbiri sanadziwe chimene chinawamveretsa. Anasiya sipanala, natulutsa wotchi, naiyandikizitsa ku tochi. Panalidi kanambala kakang'ono ngati nyerere. Kanali 1000.

"Nanga ija mwaikayo?"

A Dzimbiri anayang'ananso kanambalako. Kanambala kameneko ankakadziwa kuyambira ali mnyamata: kamanena kuti kebulo izungulire kangati pa kilomita imodzi kuti muvi unene zoona. Koma lero, poona nkhope zofanana, sanakayang'ane. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

"Ija ndi 1500," anatero munthuyo. "Ikamati 40, galimoto ili pa 60. Ndipo kona iyi 60 siilola."

Pamene ankalankhula, a Dzimbiri anamva kaphokoso pansi. Tho... tho... tho. Anatsitsa tochi. Madzi ankadontha kuchokera m'manja a ovolosi ija. Nsapato zake zinali matope okhaokha. Mvula inali isanagwe kwa miyezi iwiri.

A Dzimbiri anafunsa kuti iyeyo wadziwa bwanji.

"Ine ndinawerengera pano," anayankha munthuyo, akusisita zitsulo zowotchererazo. "Mochedwa."

Tochi inathima!

Mdima bii. A Dzimbiri anaigwedeza. Anaimenya pachikhatho. Osayaka. Kutsogolo kunali kwawo, chitseko, bulangete. Kumbuyo kunali chitunda, ndi galaja, ndi galimoto yobiriwira ija. Miyendo inkati thawa. Koma m'mutu mwawo anaona ana atatu atapanikizana pampando wakumbuyo ndi masutikesi awo, ndi a Nesi atagwira chiwongolero ndi manja awiri, maso pa muvi, akukhulupirira ntchito ya a Dzimbiri monga amakhulupirira sikelo ya kuchipatala.

Anatembenuka n'kuyamba kukwera chitunda.

Sanacheuke. Nsapato zawo zinkamveka pa tala. Zawo zokha. Koma kumbuyo kwawo, osayandikira, osatalikira... tho... tho... tho.

Mlonda anatsegula geti akung'ung'udza kuti anthu okalamba sadziwa kugona. Anayang'ana a Dzimbiri okha. Galu wake, amene ankauwa ngakhale pepala louluka, anapinda mchira n'kukalowa pansi pa lole.

M'galaja anayatsa babu limodzi la pamwamba pa tebulo. Munthu uja anakaima kungodya, kumene kuwala sikunkafika. A Dzimbiri sankakhulupirira mawu a amoyo popanda umboni, ndiye sakanayambira pa ameneyu. Anatsitsa galimoto pa jeke, namasula kebulo kuseri kwa wotchi, nabaya kachidutswa ka katoni kunsonga kwake kuti kazioneka pozungulira. Anayeza mamita khumi pasimenti n'kulemba ndi choko poyambira ndi pothera. Kenako anaima pachitseko cha dalaivala, phewa pa chitsulo, maso pa kakatoni, n'kukankha.

Galimoto imeneyo masana ankaikankha anthu atatu. Usiku umenewo inayenda ngati wilibala yopanda katundu.

Mawu anachokera kumbuyo kwa buti. "Kamodzi... kawiri... katatu..."

Tayala litaponda choko chomaliza, mawuwo ndi milomo ya a Dzimbiri zinathera pamodzi pa khumi. Kakhumi pa mamita khumi, ndiye kuti chikwi pa kilomita. Anagonanso chagada n'kuchotsa wotchi imene anaiika ndi thukuta madzulo onse. Anaiyang'ana pansi pa babu. Kanambala kake kanali 1500.

Anaiika patebulo n'kukhala pa chitini cha oyilo. Nthawi inali kupita ku 2 koloko. Wotchi ina akanaitenga kuti? Yabwino inali yonama, yoona inali yakufa.

"Sinafe imeneyo," anatero mawu aja kungodya. "Yangotsamwa. Wina anadzaza girisi mpaka kumutu kwa kebulo, ndiye girisi amakwera. Tsegulani."

A Dzimbiri anafutukula mkombero pang'onopang'ono, nachotsa galasi, nasolola zam'kati. Zinali monga ananenera. Girisi wakale, wouma ngati phula, anali atamata kambale kamene kamakoka muvi. Atatambasula dzanja kuti atenge sikuludiraiva, anakhudza chinthu chozizira ndi chonyowa. Kanali kagalasi ka diso limodzi kaja. Sanamve munthu akuyandikira. Anakatola n'kukavala.

Zimene zinachitika m'maola awiri otsatirawo a Dzimbiri sanazionepo pa moyo wawo wonse. Munthu uja ankaidziwa wotchi ngati anaibala yekha. Sankachulukitsa mawu. Anawauza kuti asungunule girisi ndi petulo wa pa nthenga, osati kukanda. Anawaletsa kukhudza ndi chala kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamene kamabweza muvi, ati thukuta la munthu limakadya. Dzanja lawo likati lilakwe, mawu ankafika lisanalakwe. Pothira mafuta anawauza kuti anyike nsonga ya kamtengo ka machesi.

"Dontho limodzi. Lachiwiri ndi umbuli."

A Dzimbiri anaseka osafuna. Zaka makumi anayi akudziyesa mmisiri, lero ndi pamene anakumana ndi mmisiri. Mantha anawaiwala. Ankangoti inde, inde, ngati mwana wa sukulu amene wapeza mphunzitsi wabwino. Anapukuta girisi kumutu kwa kebulo, utali wa chikhatho, nalumikiza wotchi yakale ija. Atapota waya ndi zala, muvi unadumpha n'kubwerera pamalo pake mofewa.

Anadzuka kuti athokoze. Apo maso awo anagwera patebulo.

Wotchi ya kwa wogulitsa zitsulo ija inali pomwe anaisiya. Yopanda kebulo. Yopanda chilichonse. Koma muvi wake unali kukwera! Unadutsa 20... unadutsa 30... unafika pa 40 n'kuima, ukunjenjemera. Fungo la matope ndi petulo linadzaza galaja yonse. Kenako muviwo unagwa kamodzin'kamodzi.

"Ndi mmene inandiuzira," anatero mawu aja, motopa kwambiri. "Musaibweze kumene mwaitenga, amisiri. Chonde."

A Dzimbiri anacheukira kungodya. Kunalibe munthu. Kunali kathamanda ka madzi pasimenti. Anagwira pamaso pawo, kagalasi kaja panalibe.

Kutangoyera anatulutsa galimoto n'kukaiyesa pamsewu wowongoka wa kumtunda. Anaika muvi pa 60, akuyang'ana wotchi yapamkono. Kuchoka pa mwala wa kilomita kufika pa unzake inatha mphindi imodzi ndendende. Anabwereza katatu, pakuti tsopano sankadzikhulupiriranso ngakhale iwo eni.

A Nesi anafika 6 koloko isanakwane, ana atanyamula masutikesi. Anadabwa kuona maso a a Dzimbiri ali psuu, ndipo anawadzudzula monga amadzudzulira odwala osamva, kuti munthu wa msinkhu wawo sayenera kuchezera ntchito. A Dzimbiri anangowauza kuti wotchi ya bambo awo ndi yomwe ija, yachira, ndipo pa kona ya pamlatho aike muvi pa 40 monga mwa masiku onse. Anaima pageti mpaka galimoto inazimiririka kotsetsereka. Anakhalabe pomwepo akutchera khutu, mpaka anaiona kutali ikukwera kutsidya, yobiriwira, dzuwa likuwala pa bampa.

Mlonda anabwera akupinda chijasi chake. Anali nkhalamba ya m'dera lomwelo, yoti inaona msewu uja usanaikidwe tala.

"Koma akulu, ukalamba wakufikani," anatero akuseka. "Usiku wonse inde, inde, mukuyankha khoma?"

A Dzimbiri anamufunsa ngati sanaone munthu amene analowa nawo pageti. Mlonda anati analowa okha, ndipo galimoto anakankha okha, iye ankasuzumira pawindo. Ndiye a Dzimbiri anamufotokozera: bambo wochepa thupi, ovolosi ya mabatani, kagalasi pakhosi.

Kuseka kwa mlonda kunatha. Anavula chipewa. Anapempha kuona wotchi ya kwa wogulitsa zitsulo ija, ndipo ataitembenuza analoza kumbuyo kwake. Panali timadontho titatu togoba ndi singano, ndi deti la zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo.

"A Mawotchi awa," anatero chapansipansi.

Anafotokoza kuti a Mawotchi anali ndi kashopu pafupi ndi fakitale ija, kale a Dzimbiri asanabwere kuderalo. Wotchi iliyonse ya galimoto imene inkadutsa m'manja mwawo ankaigoba timadontho titatu, kuti ikadzanama anthu adziwe wokamufunsa. Panalibe imene inanamapo. Tsiku lina mwini galimoto wina anawaumiriza kuti ntchito ithe usiku womwewo. A Mawotchi anaika wotchi imeneyi mwachangu n'kupita kukaiyesa okha, pakuti sankapereka ntchito yosayesa. Anathyola zitsulo za pamlatho n'kugwera mumtsinje. Mlondayo anali m'gulu la anthu amene anakoka galimotoyo ndi zingwe m'mawa mwake, ndipo anawapeza ali m'kati, kagalasi kali pakhosi. Anthu ananena kuti anali ataledzera, chonsecho munthuyo mowa sankaudziwa kukoma kwake. Akazi awo anasamuka chifukwa cha manyazi.

Zotsala za galimotoyo zinathera kwa wogulitsa zitsulo. Mlonda anati wotchi imeneyi wogulitsayo anaigulitsapo katatu, ndipo katatu konse inabwezedwa m'mamawa ndi amakaniko otuwa nkhope, osafuna kunena chifukwa. Iye ankangoikulunganso m'chiguduli n'kudikira wina.

A Dzimbiri analandira wotchi ija m'manja mwa mlonda. Kunja anyamata aja anali atayamba kufika mmodzimmodzi, mochedwa, akuyasamula, ena akufunsa kale kuti aweruka nthawi yanji. Munthu analakwitsa kamodzi kokha pa moyo wake, nalipira ndi moyo womwewo, koma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi anali adakaimabe pamlatho kulondera kulakwa kwakeko kuti kusaphe wina.

A Dzimbiri anafutukula mkombero wa wotchiyo, nazula muvi ndi pulayala, nadula kasipuling'i kaja. Zotsalazo anaziphwanya ndi hamala mpaka panalibe choti munthu angagulitse.

Madzulo ake anaweruka mochedwa dala. Atafika pamlatho anaima pa zitsulo zowotcherera zija, navula chipewa, natulutsa muvi m'thumba la malaya n'kuuponya m'madzi.

"Yatha ntchito, a Mawotchi," anatero. "Ana afika bwino. Kapumuleni."

Anadikira pang'ono. Achule sanasiye kulira.